Munati mukufufuza, ife tikadali kudikira

Kwa Mkulu wa Zaumoyo m'chigawo cha Kum'mawa, akuluakulu oyendetsa zipatala zathu za boma ndi zamishoni, ndiponso a mabungwe oyang'anira ntchito za madokotala ndi anamwino,

Zikomo akuluakulu, ndaomba m'manja. Ine ndine mayi wa m'mudzi wina kunja kwa Chipata, mlimi wa chimanga ndi mtedza. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikugwira ntchito yongodzipereka m'gulu la SMAG, lija loona za uchembere wabwino, ndipo ndilinso m'komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu. Ntchito yanga ndi ya miyendo ndi pakamwa. Ndimayenda khomo ndi khomo kuuza amayi apakati kuti ayambe sikelo msanga, kuti mwezi wawo ukayandikira akakhale kuchidikiro, kuti asachirire m'nyumba. Malipiro sindilandira. Chimene ndimayenda nacho ndi mawu anu. Ndikauza munthu kuti "pitani kuchipatala, akakuthandizani", ndiye kuti ndalonjeza m'dzina lanu, ndipo zikakavuta kumeneko, amene amakumana ndi maso a anthu pachitsime ndine. N'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberani. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Dzinja lapitali, chimanga chili m'mawondo, ndinapita kukaona mtsikana wina wa mimba yoyamba, miyezi isanu ndi itatu. Ndinapeza apongozi ake pakhonde akusadzula chibwabwa. Nditangotchula za chidikiro, iwo sanandiyankhe. Anaitana mdzukulu wawo, mnyamata wapasukulu, kuti abwere ndi foni. Mnyamatayo anatsegula WhatsApp n'kundimvetsera mawu ojambulidwa. Anali mawu a mayi akulira, akunena kuti mwana wake anasiyidwa yekha m'chipinda chochirira usiku wonse, akuitana popanda womuyankha, mpaka khanda linafera m'mimba. Tsiku sanatchule. Chipatala chake aliyense ankatchula chimene wachiganiza: ena ati n'kuno kwathu, ena ati ku Lusaka, ena ati n'kutsidya ku Malawi. Mawuwo atatha, apongozi aja anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana. "Amayi, mwadzimvera nokha. Ndiye mukuti ndikamutaye kumeneko mwana wa eni ake?"

Ndinayesa kuwakumbutsa za amayi ambirimbiri a m'mudzi mwathu momwemo amene anachira bwino kuchipatala. Iwo anandidula. Anati nkhani yonga yomweyo anaimvanso pawailesi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo bwana wina anayankha kuti "nkhaniyi tailandira, tikufufuza". Kenako anandifunsa funso limene landilembetsa kalata ino: "Nanga anapeza chiyani?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

Mtsikana uja sanapite kuchidikiro. Matenda anamuyamba usiku mvula ikugwa. Anayesa okha m'nyumba mpaka tambala woyamba, zitakanika anamukweza pangolo ya ng'ombe kupita kukiliniki, akukiliniki anaitana ambulansi, ndipo anakachira ndi opaleshoni. Mulungu ngwabwino, mayi ndi mwana onse ali moyo. Koma mzamba amene anawalandira kukiliniki, ataona mmene mtsikanayo analefukira, anakalipa kuti, "Munali kuti nthawi yonseyi?" Mzambayo ankanena zoona, ndipo ndi iye amene anathamanga ndi foni usiku umenewo kufunafuna ambulansi. Komabe nkhani imene inabwerera kumudzi ndi yakuti anesi amakalipa. Mantha anawachedwetsa, kuchedwako kunabala ukali, ndipo ukaliwo wakhala mantha a mtsikana wina amene mwezi wake ukubwera.

Inu akuluakulu mukamaganiza za nkhani zoipitsa mbiri ya chipatala, mumaganiza za Facebook, manyuzipepala ndi mawailesi. Zimenezo zilipodi. Koma wailesi yaikulu kwathu kuno ndi maliro. Mwambo wathu mukuudziwa: thupi lisananyamuke kupita kumanda, mmodzi wa kubanja amaimirira n'kulongosola mmene matenda anayambira, kumene anayenda naye wodwala, ndi mmene wathera. Pamakhala anyakwawa, mpingo, midzi yoyandikana, ndi achibale ochokera ku Katete, ku Lundazi, ku Copperbelt, ngakhale ku Mchinji. Aliyense amatchera khutu, chifukwa aliyense ali ndi wodwala wake kunyumba. Woimirira uja sangangoti "zangochitika" n'kukhala pansi. Amanena zimene banja linaona ndi maso ake, ndipo pamene banja silinauzidwe kanthu, mtima wowawa ndi umene umamalizitsa nkhaniyo.

Ndikunena zimene zinandigwera ndekha. Mlongo wanga, amene ndinapondana naye, anayamba kumva m'mimba kupota. Mimba inafufuma, chimbudzi osachita, kusanza kokhakokha. Anakhala masiku atatu kunyumba akumwa zitsamba ndi mapilitsi a pakantemba. Tsiku lachinayi tinapita naye kuchipatala china chachikulu, chimene sindichitchula. Analowa pachipata akuyenda yekha, atagwira pamimba. Anati pakufunika opaleshoni, ndipo mlamu wanga anadinda chala papepala limene palibe anamuwerengera m'chinenero chathu. Ife odwazika tinagona panja, takumbatira mapoto athu ndi thumba la makala. M'mawa titalowa m'wodi ndi phala, tinapeza pabedi pake pagona munthu wina. Amayi osesa ndi amene anatikokera pambali n'kutinong'oneza kuti tikafunse kumochale. Tinapempha kuonana ndi adokotala, anatiuza kuti ali ku fiyeta. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Chimene tinalandira ndi pepala lachingerezi lokatengera thupi.

Pamaliro, amalume athu anaimirira atatsamira ndodo n'kunena kuti, "Mwana wathu anapita ndi miyendo yake. Anakamung'amba, ndipo tabwera naye m'bokosi. Chimene anamuchita akudziwa ndi iwowo." Khamu lonse linang'ung'udza. Inenso ndinang'ung'udza nawo, ine amene ndimatuma anthu kuchipatala.

Patapita miyezi, ndinatenga pepala lija n'kukaonetsa clinical officer wa kukiliniki kwathu. Anakhala nane pabenchi odwala atatha, n'kujambula pakapepala. Anati matumbo a mlongo wanga anapotana ngati chingwe, magazi analeka kufika mbali imeneyo, ndipo pamene tinkafika chigawo chachikulu chinali chitawola kale, poizoni wake atalowa m'magazi. Anati pa matenda otere chimene chimapha ndi maola, ndipo masiku atatu aja tinawatayira kunyumba. Kulongosola konseko sikunathe ndi mphindi khumi. Ndinaliranso tsiku limenelo, koma kulira kwake kunali kwina. Ndinazindikira kuti anthu amene tinawatukwana kumanda anachezera usiku akuyesa kupulumutsa munthu amene tinamubweretsa mochedwa. Nanga khamu lija ndikalisonkhanitsa bwanji kuti limve zimenezi? Maliro sabwerezedwa. Mpaka lero m'mudzi mwathu muli abambo amene adokotala anawauza kuti akufunika opaleshoni, koma amakana, amati, "Ndikathere ngati uje?"

Mphindi khumi zimene sitinapatsidwe m'mawa uja zikuvutitsabe mudzi wathu.

Musandimve molakwa, akuluakulu. Sindikunena kuti dandaulo lililonse ndi kusamvetsetsana chabe. Kulakwa kumachitika, ndipo kwina n'koopsa. Alipo amayi amene anamenyedwa ntchafu pochira, amene anauzidwa mawu oti sindingawalembe pano, amene anaitana usiku osayankhidwa. Alipo odwala amene anabwezedwa ndi panado pamene matenda anali aakulu. Ife oyenda m'midzi timazimva kuchokera kwa eni ake, osati kwa foni. Vuto n'lakuti mukakhala chete, ife sititha kusiyanitsa. Namwino wankhanza ndi namwino amene anachita zonse zimene akanatha, onse amatuluka m'nkhaniyo ndi dzina limodzi. Wolakwa sitimva kuti walangidwa, wosalakwa sitimva kuti wayeretsedwa. Mawu akuti "tikufufuza" anthu anasiya kuwamva ngati lonjezo. Amawamva ngati chitseko chikutsekedwa.

Ndipo musaiwale kuti makutu a anthu athu sanayambire pa nkhani za m'chigawo chino. Mu Januwale 2021, komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ndalama za boma inamva za makondomu ndi magolovesi osakwanira muyezo amene anali atagawidwa kale, pa nkhani ija ya kampani ya mankhwala ya Honeybee, ya mgwirizano wake ndi boma wa madola 17 miliyoni. Mwezi womwewo Pulezidenti Edgar Lungu anachotsa nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya. Ku Lusaka inali nkhani ya ndale ndi ya makhoti. Kwathu kuno inali nkhani ya anyamata akutiseka tikamagawa makondomu, amvekere, "Amayi, awa si obooka aja?" Ena ankanena mwanthabwala, koma ena anasiyadi kutenga. Palibe amene anabwera kudzatiuza ife ogawa kuti oipa aja anali ati, achotsedwa liti, ndipo amene tanyamulawa ayesedwa ndi ndani.

Mu Meyi 2025, kazembe wa dziko la America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala amene amayenera kuperekedwa kwaulere. Kuyambira pamenepo, wodwala akauzidwa pawindo kuti "mankhwala awa kulibe, mukagule", sakhalanso ndi funso. Yankho ali nalo kale: agulitsa. Mwina mnyamata wa pawindoyo sanabepo ngakhale piritsi limodzi. Mwina galimoto ya ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala, yachedwa, mwina zimene anaitanitsa sizinabwere zonse. Koma ndani amatiuza? Bwanji osapachika pakhomo la kiliniki iliyonse pepala lolembedwa m'Chinyanja, losonyeza mankhwala amene afika mwezi uno, tsiku limene afika, ndi amene sanafike, ndipo a komiti ya zaumoyo asainirepo atawerenga okha makatoni? Kumene zimenezi zimachitika kale, zilimbikitseni. Munthu amene wawerenga katoni ndi maso ake sakhulupirira msanga mphekesera, ndipo wakuba amaopa malo amene maso ndi ambiri.

Za kolera ya 2024 ndingodutsapo. Tonse tinamva za bwalo la masewero la National Heroes ku Lusaka litasandutsidwa chipatala, ndi za mabanja ataima panja kufunafuna uthenga wa abale awo. Malamulo oika maliro a kolera mwachangu, osasambitsa thupi, ali ndi chifukwa chomveka, pakuti thupilo limapatsirabe matenda. Koma lamulo lotere likafika kwa munthu popanda womulongosolera, chimene amaphunzirapo n'chakuti wodwala wotsegula m'mimba ndi bwino kumubisa.

Ndikudziwa kuti njira zodandaulira zilipo. Lilipo bungwe la Health Professions Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, lolembetsa madokotala ndi ma clinical officer, lopereka ziphaso kwa zipatala, lokhala ndi mphamvu yofufuza ndi kulanga. Lilipo la Nursing and Midwifery Council of Zambia loona za anamwino ndi azamba. Ilipo ofesi ya Public Protector, yofufuza madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma. Koma tayesani kufunsa amayi khumi pamsika wa Kapata kuti munthu akalakwiridwa kuchipatala amakadandaula kuti. Ambiri adzakuyankhani kuti kuwailesi. Sakulakwa. Wailesi ili pafupi, imalankhula chinenero chawo, ndipo imayankha tsiku lomwelo. Malikulu a mabungwe aja ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, mayina awo ndi achingerezi, makalata awo ndi achingerezi. Kabokosi ka madandaulo kamene kamakhala pakhoma m'zipatala, munthu wosadziwa kulemba aponyamo chiyani? Ndipo amene waponyamo, yankho lake amakalitenga kuti? Mayi wa kumudzi amaopanso china: kiliniki ndi imodzi, namwino ndi yemweyo. Akadandaula lero, mawa mwana akatentha thupi adzapita kwa ndani?

Pali chinthu china chimene chimandipweteka kwambiri chifukwa ndimachiona ndili mkati. Mu 2019 boma linalengeza kuti imfa za amayi pochira ndi za makanda ndi vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Mayi akamwalira pa uchembere, imfa yake imaunikidwa. A zaumoyo amakhala pansi kufunsana kuti kuchedwa kunali pati: kunyumba posankha zopita, panjira posowa choyendera, kapena kuchipatala polandira thandizo. Nthawi zina amafika mpaka kumudzi kudzatifunsa ife a SMAG, n'kufunsanso mwamuna wa malemu ndi anakubala ake. Ntchito imeneyi ndi yabwino. Anthu amayankha misozi ili m'maso, amatulutsa khadi la sikelo, amalongosola ola lililonse. Galimoto imabwerera, fumbi limatha, ndipo basi. Zimene mwapeza zimakwera m'mwamba, kuboma, kuchigawo, ku Lusaka. Kumudzi kumene munatenga nkhaniyo sizibwerera. Bamboyo amatsala ndi ana amasiye ndi mafunso ake onse, ndipo tsopano ali ndi funso linanso: anandifunsiranji?

Mudzati pali chinsinsi cha wodwala. Ndikuvomera, ndipo sindikufuna kuti matenda a munthu azilengezedwa pawailesi. Koma chinsinsi n'cha wodwala ndi banja lake, si cha chipatala. Banja limene lataya munthu lili ndi ufulu womva, m'chinenero chake, litakhala pampando, kuchokera kwa munthu amene anaona wodwalayo kapena wamkulu wake, thupi lisanatuluke pachipata. Ngati panalakwika, linene kuti panalakwika. Mudzati mawu otere adzakutengerani kukhoti. Ine ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndikuuzeni kuti mabanja ochuluka safuna ndalama. Amafuna kudziwa chimene chadya munthu wawo, amafuna kumva "pepani", ndipo amafuna kumva kuti wina sadzaonanso zomwezo. Amene amathamangira kwa atolankhani kawirikawiri ndi amene anayamba agogoda pakhomo panu n'kupeza potseka.

Kwa anthu ena onse, mukhoza kunena zambiri osatchula dzina la munthu aliyense. Mukhoza kubwerera pa wailesi yomweyo imene munanenapo kuti "tikufufuza", kaya ndi Breeze FM, Radio Maria, Chikaya ku Lundazi kapena Mphangwe ku Katete, n'kunena kuti: nkhani ija taimaliza, tapeza kuti usiku umenewo panali mzamba mmodzi pa amayi angapo ochira nthawi imodzi, tawonjezera wina. Kapena: tapeza kuti wantchito wathu analakwa, nkhani yake tapereka ku bungwe lomuyang'anira, ndipo chigamulo chikatuluka tidzakuuzani. Kapena: tapeza kuti zimene zinanenedwa sizinachitike m'chipatala chathu. Mwa mayankho atatuwa palibe limene lingatithawitse kuchipatala. Chimene chimatithawitsa ndi kusamva lililonse. Ndipo muzinena tsiku. Mukati "tikufufuza", onjezerani kuti "tibweranso pano pakatha masabata anayi", ndipo mubweredi, ngakhale mutabwera kudzanena kuti simunamalize ndi chifukwa chake.

Izi si zachilendo kwa ife. Kubwalo la mfumu, kaya ndi kwa Gawa Undi, kwa Mpezeni kapena kwa Kalindawalo, mlandu sutha mwakachetechete. Wodandaula amalankhula, woimbidwa mlandu amalankhula, nduna zimafunsa, ndipo chigamulo chimanenedwa poyera anthu onse akumva. Wolakwa amapepesa, wonamiziridwa amachoka atayera, ndipo mawa anthu awiriwo amatha kumwera chitsime chimodzi. Makolo anati mlandu suola. Mlandu wa kuchipatala umene simunaugamule poyera sunathe ayi. Ukukambidwabe m'makhonde, m'maminibasi a ku Chadiza, m'mizere ya kuchigayo, ndipo kumeneko woimira chipatala kulibe. Dziko lathu lili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu Disembala 2023. Musadikire kuti tichite kukulemberani makalata otchula lamulo. Kamodzi pa miyezi itatu, mkulu wa chipatala chilichonse akhale pamaso pa mafumu, mipingo ndi makomiti a zaumoyo, anene madandaulo angati analandira, angati atha, ndipo chasintha n'chiyani.

Ndikupemphaninso kuti musayankhe madandaulo ndi ziopsezo. Munthu wolira akauzidwa kuti atengeredwa kupolisi chifukwa cha zimene walemba pa Facebook, mudzi wonse umati zoona zake n'zomwezo, n'chifukwa chake akumutseka pakamwa. Muitaneni, mumumvere, mumuonetse fayilo ya m'bale wake.

Anzathu atolankhani, kalatayi si yanu, koma mukuiwerenga, choncho ndikupatseniko mawu awiri. Mumatithandiza. Pali zinthu zimene zinakonzedwa m'zipatala chifukwa choti inu munazitulutsa, ndipo wosauka amene alibe wachibale muofesi, inu ndinu achibale ake. Koma nkhani mumaiyamba ndi ng'oma, kumaliza kwake simubwerako. Mayi wolira mumamupatsa mphindi khumi, bwana woti "tikufufuza" mphindi imodzi, mawa mwapita ku nkhani ya feteleza. Lembani tsiku pakalendala, pakatha mwezi mumuimbirenso bwanayo, ndipo akakana kuyankha mutiuze kuti wakana. Inunso a m'magulu a WhatsApp amene mumatumiza chithunzi cha namwino ndi mawu akuti "wakupha ndi uyu" musanamve mbali yake, kumbukirani kuti munthuyo amakhala pakati pathu, ana ake amaphunzira ndi ana athu. Tinaona kutsidya ku Malawi mu 2017 mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu m'maboma a kum'mwera, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Mphekesera ya magazi ikayaka, woyamba kukayikiridwa ndi amene amagwira jakisoni, ndipo otsatira kuvutika ndi mayi wotaya magazi pochira, chifukwa opereka magazi athawa.

Za antchito anu, ndiwalankhulireko, pakuti iwo saloledwa kulankhula kwa atolankhani. Mu 2022 boma linalemba ntchito a zaumoyo oposa 11,000, ndipo kusintha tinakuona. Komabe alipo makiliniki amene usiku mzamba amakhala yekha, magetsi atazima, akuunikira ndi foni ataluma pakamwa, uku wina akuchira, uku mwana akukomoka ndi malungo. Zikavuta, dzina limene limatuluka ndi lake. Dzina la amene sanatumize mafuta a ambulansi silituluka. Ngati kufufuza kwanu kumathera pa kusamutsa namwino mwakachetechete kupita ku kiliniki ina yakutali, ndiye kuti simunakonze kanthu. Ngati anali wolakwa, mwangopatsa mudzi wina vuto lathu. Ngati sanali wolakwa, mwamusenzetsa mlandu wa ena, ndipo anzake otsala aphunzira kuti cholakwika chikachitika ndi bwino kuchibisa.

Kuti anthu a kuno afike podalira chipatala panatenga mibadwo. Chipatala cha Mwami chinayamba mu 1927, cha St Francis ku Katete mu 1948, ndipo agogo athu ankachita kukokedwa kuti alowemo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anasonyeza kuti mu 2007 ana 48 pa 100 alionse m'Zambia ankabadwira kuchipatala, ndipo pofika 2018 anali 84 pa 100. Manambala amenewo ali ndi nkhope. Ndi azamba akumudzi amene anavomera kusiya ntchito ya makolo awo n'kuyamba kuperekeza amayi kukiliniki. Ndi mafumu amene analamula kuti m'mudzi mwawo musachirire munthu. Ndi ife amene tinatha mapatapata m'njira. Tinauza anthu kuti asiye zimene ankadziwa, adalire inu. Anatimvera. Ndiye akafunsa kuti mwana wawo wafa bwanji, sakupempha chifundo, akufunsa chimene tinawalonjeza pamodzi.

Apongozi aja ali ndi mkamwana winanso, ndipo mimba yake yafika miyezi isanu ndi umodzi. Sikelo anayamba, ndinamuperekeza ndekha. Sabata yamawa ndikupita kukakamba nawo za chidikiro, mvula isanatseke njira ya kudambo. Ndikudziwa kuti adzaitananso mdzukulu wawo ndi foni, ndipo adzandifunsanso kuti pa nkhani ija munapeza chiyani. Tumizani munthu apite nane, kapena nenani pawailesi madzulo ena sabata ino, iwo amamvera akatha kudya. Ndikufuna ndikafike pakhonde lawo ndili ndi chowauza.

Ine wanu pa ntchito ya uchembere wabwino,
Mayi wa m'gulu la SMAG, kunja kwa Chipata